Zotsala za M'dimba Zipite ku Mkombaphala

Aliyense amene anayendapo pa msewu waukulu wochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre m'nyengo imene matimati achuluka, anaona zimene zimachitika pa Lizulu ndi pa mphambano ya Tsangano. Madengu ndi mabeseni amandandalikidwa m'mphepete mwa msewu dzuwa lisanatuluke. Pofika madzulo mtengo umakhala utagwa, ndipo mlimi wina, poona kuti kusenzanso katunduyo kubwerera naye kumudzi nkudzithyola khosi pachabe, amakhuthulira matimati ofewa m'ngalande nabwerera ndi dengu lopanda kanthu.

Zoterezi sizichitika pa misika yotchuka pokha ayi. Zimachitika pakhomo panu ndi panga. M'mwezi wa Disembala mango amaolera pansi pa mitengo mpaka ntchentche kudzaza bwalo. M'mwezi wa Febuluwale mnkhwani umayanga m'munda monse, bonongwe namera yekha pamene panali khola la ng'ombe, banja nkudya mpaka kutopa nazo. M'chilimwe mpiru wa m'dimba umafika pochita maluwa chifukwa chosowa wothyola.

Tsono m'mudzi womwewo, mwina kuseri kwa tchalitchi kapena pansi pa mtengo wa mkuyu, pali sukulu ya mkombaphala. Ana a zaka zitatu mpaka zisanu amasonkhana pamenepo m'mawa, ndipo alezi awo, amene ambiri amagwira ntchitoyi mongodzipereka, amawaphikira phala la ufa ndi mchere basi. Masiku ena ngakhale ufawo umasowa, ndipo mlezi aliyense akhoza kukuuzani kuti tsiku limene pamoto palibe mphika, ana ambiri satulukira. Kuchokera pa dimba pamene ndiwo zikuola kufika pa mphika wa anawo, nthawi zambiri ndi ulendo wapansi wosatopetsa. Chimene chimasowa ndi dongosolo lofikitsira ndiwozo kumeneko zili zabwino.

CHIMENE SIKELO SINENA

Inu amayi amene mukuwerenga nkhaniyi mutakhala pa benchi kudikira kuti mwana akwere sikelo, mukudziwa kale kuti mzere wa pa khadi uyenera kumakwera mwezi ndi mwezi. Koma kulemera si nkhani yonse. Lilipo vuto lina lobisika limene siligoneka mwana pa mphasa, nchifukwa chake makolo salizindikira msanga. Vutoli ndi kupinimbira. Mwana amasewera ndi anzake, nsima amadya, koma msinkhu wake sugwirizana ndi zaka zake, ndipo achibale amangoti watengera agogo ake amene anali aafupi. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo wa m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo 63 mwa 100 anali ndi magazi ochepa m'thupi. Malungo ndi njoka za m'mimba zili ndi gawo lake pa kuchepa kwa magaziku, komabe kadyedwe sitingakachotsepo, pakuti kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mwa ana a miyezi 6 mpaka 23, ana 8 okha mwa 100 ndiwo ankalandira chakudya chokwanira, cha mitundu yoyenera ndiponso kangapo pa tsiku monga momwe zifunikira.

Kale tinkaphunzitsa za magulu atatu a chakudya. Masiku ano a zaumoyo amaphunzitsa magulu asanu ndi limodzi: zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Phala la ufa ndi mchere ndi gulu limodzi lokha. Mukathiramo nsinjiro, magulu akhala awiri. Mukaonjezamo mnkhwani wosinja, atatu. Mukapotera peyala lakupsa m'phalamo, anayi. Mwana akamaliza ndi kachidutswa ka papaya, asanu. Taonani kuti kupatula mchere, palibe chimene mwagula ku golosale.

Ena adzafunsa kuti, kodi si paja kupinimbira kumayamba mwana ali m'mimba mpaka atakwana zaka ziwiri, nanga kudyetsa mwana wa zaka zinayi kuthandiza chiyani? Funsoli ndi loona, ndipo msinkhu umene unatayika pa ukhanda ngovuta kuubweza. Koma mwana wa zaka zinayi afunikabe magazi okwanira, thupi lolimbana ndi matenda, ndi mutu wogwira zimene akuphunzitsidwa. Palinso china. M'boma la Zomba, m'zaka za 2015 ndi 2016, bungwe la Save the Children pamodzi ndi akatswiri a bungwe la IFPRI anachita kafukufuku m'sukulu za mkombaphala zokwana 60. Pa theka la sukuluzo makolo analandira mbewu ndi maphunziro a kalimidwe ndi kaphikidwe, kuti azilima ndi kupereka okha chakudya cha ana. Patatha chaka, ana a m'midzi imeneyi ankadya zakudya zakasinthasintha kuposa anzawo. Chopatsa chidwi nchakuti kupinimbira kunachepa pakati pa ang'ono awo, ana a kumsana amene anali asanayambe kupita ku sukuluzo. Nkosavuta kuona chifukwa chake: mayi amene waphika phala la nsinjiro ndi masamba pa tsiku lake la kuphika ku mkombaphala, amakaphikanso lomwelo kunyumba.

MZERE WA ANA

Vuto la ndiwo zoolera m'munda anthu ena ali ndi njala si la kuno kokha. Ku United States kuli nyumba zimene mipingo ndi magulu a anthu odzipereka amasungiramo chakudya chogawira osowa, koma chambiri mwa chakudyacho chimakhala cha m'zitini ndi m'mapaketi, ndiwo zaziwisi nkumasowa. Wolemba nkhani za ulimi wina wa ku Anchorage, m'chigawo cha Alaska, Jeff Lowenfels, anapempha owerenga ake kuti aliyense pobzala m'dimba lake aonjezere mzere umodzi wa anthu anjala. M'chaka cha 1995 bungwe la olemba nkhani za m'madimba m'dzikomo linatenga maganizowo nkuwafalitsa pansi pa dzina lakuti Plant a Row for the Hungry.

Ife nyumba zoterozo tilibe m'midzi mwathu, ndipo sitifunika kuzimanga. Mphika wa ku mkombaphala ulipo kale. Kugawana ndiwo nakonso si chinthu choti tiphunzire kwa alendo. Makolo athu ananena kalekale kuti kupatsa nkuika. Chimene tingatolepo pa nkhani ya ku America ndi nzeru yakuti chopereka chikonzedwe pa tsiku lobzala, osati pa tsiku limene mwini wake watopa nacho. Munthu amene akupereka chifukwa chakuti msika wamukana, amapereka zofota. Koma amene anaika padera mzere umodzi wa mpiru, mapando awiri a maungu kapena mzere umodzi wa mbatata nanena kuti uwu ngwa ana, amausamala ngati mizere ina yonse, ndipo amadziwiratu mwezi umene udzakhwime.

Pa mzere umenewu musankhe mbewu zimene zili ndi phindu lalikulu m'thupi la mwana. Kabichi amadzaza mphika, koma pa zakudya zoteteza thupi amachepekedwa ndi bonongwe, luni, chisoso, khwanya, chitambe ndi kholowa, ndiwo zimene ena amazinyoza kuti nzakumudzi. Masamba obiriwira kwambiri ali ndi vitamini A amene amateteza maso ndi kuthandiza thupi kulimbana ndi matenda, komanso ali ndi mchere wothandiza kupanga magazi. Mbatata yofiira m'kati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira, nayonso ili ndi vitamini A wochuluka, ndipo ana saikana chifukwa ndi yotsekemera. Kumbukirani kuti vitamini ameneyu amalowa bwino m'thupi ngati chakudyacho chili ndi mafuta pang'ono. Apa ndi pamene kutendera kwa amayi athu kumapambana.

ZOTSALA SI ZOOLA

Pano tilankhule mosabisa, chifukwa chakudya choperekedwa mosasamala chingathe kugoneka ana a mudzi wonse tsiku limodzi. Muyeso wake ndi uwu: chimene simungapatse mwana wanu, musachipititse ku mkombaphala. Tomato wopindika kapena wochepa msinkhu amene ogula amamudumpha ngwabwinobwino. Tomato wophulika, wotuluka madzi, kapena amene wachita ndere, ngwa kudzala kapena kwa nkhumba. Mango ogwa okha amene aphulikira pansi ndipo ntchentche zaterapo asapite kwa ana.

Chachiwiri ndi mankhwala opopera. Alimi ambiri a matimati ndi repu amapopera kawirikawiri, ndipo ena amapopera dzulo nkuthyola lero. Pa botolo kapena paketi ya mankhwala alionse pamalembedwa masiku amene ayenera kudutsa mbewuyo isanathyoledwe. Ngati masikuwo sanakwane, ndiwozo zisachoke m'dimba, pakuti kutsuka sikuchotsa mankhwala onse, ndipo thupi la mwana ndi laling'ono. Amene sangathe kuwerenga malembawo afunse alangizi a zaulimi. Zigubu ndi matumba amene munali mankhwala asagwiritsidwe ntchito ponyamulira chakudya, ngakhale atatsukidwa chotani.

Chachitatu, ndipo ichi ndicho choopsa kuposa zonse chifukwa sichioneka msanga, ndi chuku. Mtedza ndi chimanga zimene sizinaume bwino, kapena zasungidwa pa chinyezi, zimachita chuku chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatokisini. Poizoni ameneyu samatha pokazinga kapena pophika. Amaononga chiwindi pang'onopang'ono, angathe kuyambitsa khansa ya chiwindi, ndipo madokotala aona kuti ana amene amamudya kawirikawiri sakula bwino. Chomvetsa chisoni nchakuti chizolowezi cha pakhomo chimakankhira poizoniyu kwa ana: mtedza wabwino umasankhidwa kupita ku msika, ndipo wofota, woboola ndi wakuda ndiwo umatsala kuti usinjidwe. Munthu akamapemphedwa kupereka, dzanja limathamangira ku mulu wotsalawo. Ayi ndithu. Mtedza wa ana usankhidwe umodziumodzi pa lichero, ndipo wowawa, wosintha mtundu kapena wofota utayidwe. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa nacho chisiyidwe, chifukwa chinyezi chimenecho ndicho chakudya cha chuku. Ndi bwino kupereka mtedza uli m'makoko ake, wouma gwa, nkumaswa wokwanira masiku ochepa okha. Kwa ana aang'ono mtedza uperekedwe wosinja, kuopa kutsamwa.

Chinangwa chowawa chisaperekedwe kwa ana chili chachiwisi, ndipo chigwada chisinjidwe ndi kuwiritsidwa mokwanira monga mwa masiku onse.

Ndiwo zikafika, wophika asambe m'manja ndi sopo, ndipo azitsuke ndi madzi a pa mjigo kapena othira klorini asanazidule. Zipatso zodya zosaphika zitsukidwe chimodzimodzi. Sitinaiwale mliri wa kolera umene unayamba m'mwezi wa Malichi 2022 nkupitirira mu 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Madimba ambiri amathiriridwa ndi madzi a mumtsinje momwe anthu amachapira ndi ziweto kumwera, choncho tsamba looneka loyera silitanthauza kuti lilibe tizilombo.

MFUTSO

Ana sangamalize mnkhwani wa mudzi wonse m'mwezi umodzi. Nyengo yathu ili ndi chizolowezi chake: m'dzinja masamba amachuluka pamene nkhokwe zauma, ndipo m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala ufa umakhalapo koma ndiwo nkusowa kwa amene alibe dimba. Agogo athu vutoli analithetsa ndi mfutso, ndipo nzachisoni kuti atsikana ambiri a masiku ano sadziwa kumanga chikwatu.

Pali zinthu zingapo zimene zingakonzedwe pa kafutsidwe ka makolo kuti chakudya chisatayike chambiri. Thyolani masamba anthete m'mawa, muwatsuke, kenaka muwaviike m'madzi owira othira mchere pang'ono kwa mphindi ziwiri kapena zitatu zokha. Kuwiritsa kwa nthawi yaitali kumatsukuluza ubwino wake nkuusiya m'madzi amene mudzataye. Soda kapena chidulo zisalowemo, chifukwa zimaononga mavitamini. Poyanika, musayale pansi pamene nkhuku, agalu ndi fumbi zifika; yalani pa mphasa yoyera pamwamba pa thandala, pa mthunzi podutsa mphepo, mutaphimba ndi kansalu kopyapyala. Dzuwa loomba mwachindunji limaumitsa msanga koma limapha vitamini A wambiri, ndipo mudzaona kuti masamba oumira pa mthunzi amakhalabe obiriwira pamene a padzuwa amayezuka. Chifukwa cha chinyezi cha m'dzinja, nthawi yabwino yofutsa zambiri ndi pamene mvula ikupita kumapeto, m'miyezi ya Malichi ndi Epulo. Masamba auma bwino ngati afumbutuka powafinya m'manja. Asungidwe m'chikwatu chopachika, mumtsuko wouma kapena m'chitini chovundikira bwino.

Mfutso sufanana ndi masamba ongothyola kumene, pakuti vitamini C wambiri amatha poumitsa. Koma mchere wothandiza magazi umatsala, ndipo gawo lina la vitamini A limatsalanso. Ku mkombaphala mfutso uli ndi ubwino wina: ukasinjidwa nkusefedwa umasanduka ufa, ndipo ufa umenewu ukathiridwa m'phala ana amamwa osazindikira, ngakhale aja amene amalavula masamba.

Matimati olimba angathe kudulidwa mopyapyala nkuyanikidwa, chimodzimodzinso mango akupsa koma osafewa. Mbatata yofiira m'kati nayo imayanikika, koma isasungidwe miyezi yambiri chifukwa vitamini A wake amanka nachepa. Maungu okhwima bwino, othyoledwa ndi kamtengo kake, amakhala nthawi yaitali pamalo ouma popanda kuchita chilichonse. Soya ndi chimanga zoperekedwa pa nthawi yokolola zikhale za m'miyezi ya njala: magawo anayi a chimanga ndi gawo limodzi la soya wokazinga, zikagayidwa pamodzi, zimapereka ufa wofanana ndi wa Likuni Phala.

DONGOSOLO NDI KUKHULUPIRIRANA

Mfumu ikalengeza pa msonkhano kuti aliyense apereke ndiwo, chimene chimachitika nchakuti Lolemba mudzi wonse umabwera ndi mitolo ya mpiru, ana nkudya gawo lochepa, wotsalawo nkuolera m'khichini ya sukulu m'malo moolera m'dimba. Pofika Lachinayi palibe kanthu. Komiti ya sukulu ikhale pansi ndi eni madimba, igawe masiku, ndipo mlezi anene kuchuluka kwa ndiwo zokwanira mphika wa tsiku limodzi. Masamba athyoledwe m'mawa wa tsiku lomwe adzaphikidwe. Zinthu zosaonongeka msanga, monga maungu, mtedza, nyemba, nandolo ndi mfutso, ndizo zingabwere tsiku lililonse, bola pakhale malo ouma, okhoma, pamene makoswe safika, ndipo matumba asanjikidwe pa mitengo osati pa dothi.

Pali mantha awiri amene amagwetsa ntchito ngati imeneyi, ndipo ndi bwino kuwatchula maina. Oyamba ndi a wopereka amene akukayika kuti mtedza wake ukathera kunyumba kwa a komiti. Mankhwala ake ndi kaundula. Chilichonse cholowa chilembedwe pamaso pa anthu awiri, chotuluka chilembedwenso, ndipo bukulo liwerengedwe poyera pa msonkhano wa makolo. Kope la ana asukulu ndi pensulo nzokwanira. Komanso tisaiwale kuti alezi amagwira ntchito yolemetsa. Ngati mudzi ufuna kuwathokoza ndi chakudya, uchite zimenezo poyera ndi chopereka chapadera, kuti pasakhale kunong'onezana.

Mantha achiwiri ndi ozama. Anthu ena amaopa kupatsa chakudya mwana wa eni, poganiza kuti mwanayo akadwala mawa adzalozedwa chala kuti amudyetsa. Mabanja ena adana zaka zambiri chifukwa cha nkhani zotere, pamene chimene chinadwalitsa mwanayo chinali malungo kapena madzi oipa. Nchifukwa chake chopereka chisapite kwa mwana mmodzi mwamseri. Chifike masana, chilandiridwe ndi komiti, chilowe mumphika umodzi umene ana onse, kuphatikizapo mwana kapena mdzukulu wa woperekayo, adzadyamo. Mwana akatsegula m'mimba kapena kutentha thupi, athamangitsidwe kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo ngati adwala ana angapo nthawi imodzi, mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adziwitsidwe msanga kuti akaone madzi ndi kasungidwe ka chakudya.

Wina asapereke chimene ana ake akuchisowa chifukwa choopa manyazi. Banja limene lilibe dimba lingathe kubweretsa nkhuni, kutunga madzi, kusinja mtedza, kapena kuthirira munda wa sukulu, ndipo ntchito imeneyi ilembedwe m'kaundula mofanana ndi dengu la matimati.

Kumene kulibe sukulu ya mkombaphala, malo ena olandira alipo. Pa zipatala zambiri pali nyumba yodikiriramo amayi apakati ndi malo ophikira osamalira odwala, ndipo anthu amenewa, pokhala kutali ndi minda yawo, amadya nsima ndi ndiwo zomwezomwezo kwa masabata angapo. Musanapite nazo, yambani mwafunsa wamkulu wa pachipatalapo kuti akuuzeni tsiku ndi munthu wolandira. Ana onyentchera kwambiri amene agonekedwa m'chipatala, kapena amene akulandira chiponde, ali ndi kadyedwe kawo kamene adokotala akonza. Chiponde ndi mankhwala a mwana wodwalayo, chisagawidwe kwa ena, ndipo musampatse zina popanda kufunsa anamwino. M'mudzi muli agogo olera ana amasiye, odwala matenda amgonagona ndi olumala amene sangathe kupita kudimba. Magulu a amayi a kumpingo ndi a kumzikiti amawadziwa khomo ndi khomo.

Mukakumana ndi mlangizi wa zaumoyo lero, mufunseni ngati komiti ya mkombaphala ya kwanu ili ndi kaundula wa zopereka. Ngati ulipo, mukalembetse dzina lanu, mbewu imene mwabzala pa mzere wa ana, ndi mwezi umene mukuyembekeza kuyamba kuthyola, kuti a komiti adziwe miyezi imene mphika udzakhale wopanda ndiwo ndipo apemphe eni madimba ena kufesa mosiyanitsa masabata.